Chaka Chimene Amalume Anachotsedwa pa Koleji

Dengu lija ndimalionabe. Linali dengu wamba lansungwi, la mtundu umene amayi a pa esiteti ankabereka kumsana pothyola tiyi, koma ili amalume analidula pansi ndi mpeni wodulira tiyi nalikhomera pa mtengo wa bulugamu kuseri kwa nyumba za antchito, kumene tinkati kumalayini. M'mphepete mwake munali mutada ndi thukuta la amene ankalibereka kale, ndipo likanyowa ndi chiperoni linkanunkha masamba aawisi. Mpira ukalowamo nsungwi zinkalira, kenako mpira uja phi pansi. Ndakalamba tsopano, nkhope zambiri ndaziiwala, koma kulira kwa nsungwi zija sikunandichoke m'makutu.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, chaka chotsatira chija cha dzombe. Bambo anga anapita ku Halale ine ndili kumsana ndipo sanabwerenso, choncho ine ndi amayi tinkasungidwa ndi amalume. Tisanagwere kumalayini tinkakhala pamishoni, m'nyumba ya njerwa ya zipinda ziwiri, chifukwa amalume ankaphunzitsa pa sukulu yosula aphunzitsi, imene anthu ankangoti koleji.

Makolo awo a amalume ndi amayi anachokera kwa Apwitikizi, nakhala pa malo a mzungu pogwira thangata. Amalume anakana kukulira m'munda wa mzungu. Anayenda pansi kupita kumishoni ali mnyamata, nayamba ndi kuweta ana a ng'ombe kuti awalole kulowa m'kalasi. Masiku amenewo kunali mzungu wina wochokera ku Amereka amene anabwera ndi masewera achilendo oponya mpira ndi manja mu mkombero wachitsulo wokhomedwa pamwamba. Iye ankati basiketibolo, ife tinkati mpira wa m'dengu. Anyamata ambiri ankauseka kuti ndi mpira wa akazi. Amalume sanauseke. Anaukonda mpaka mzungu uja pobwerera kwawo anawasiyira mpira, wezulo ndi kabuku ka malamulo. Kuyambira pamenepo, zaka zisanu ndi zinayi zathunthu, m'mawa ankaphunzitsa masamu, masana ankaphunzitsa mpira. Bwalo la pakoleji analisalaza okha ndi khasu pamodzi ndi ophunzira awo, nalitsira ndi dothi la pachulu mpaka linauma ngati njerwa. Anyamata omaliza maphunziro ankanyamula masewerawa kukafika nawo m'masukulu a ku Nsabwe ndi ku Thekerani, ndipo akabwera pamishoni ankayamba kudzagogoda kwathu.

Pamishoni pomwepo panali aphunzitsi a kalasi yathu, ya ife ana aang'ono. Anaphunzira limodzi ndi amalume, ndipo kwathu ankadya kawirikawiri. Ndiwo ankamasulira mzungu akamalalikira, ndipo pa aphunzitsi onse akuda ndiwo okha anali ndi jekete, lakuda, la mabatani atatu. Akakhuta kwathu ankatinena kuti ndife Anguru odya kalongonda, nkuseka. Amalume ankasekanso nawo. Lero ndimadziwa kuti munthu amene amakutukwana akutafuna chakudya chako sakhala akuseka ayi.

Mvula ikutha agogo aamuna anamwalira ku Mphuka. Patapita mwezi kunachitika sadaka, ndipo abale anavina tchopa monga agogowo ankakondera. Amalume anaima patali nthawi yaitali manja ali m'thumba. Kenako anavula nsapato, nazisiya pa mizu ya mtengo, nalowa m'bwalo. Anavina mpaka fumbi linawafika m'mawondo, misozi ikutsika. Ine ndinali ndisanaonepo amalume akuvina, ndipo ndinanyada kwambiri.

Lolemba lake aphunzitsi ananditsalitsa anzanga atatuluka. Anandipatsa cholembera chatsopano cha pasileti, chachitali chosathyoka, nandifunsa mokoma za ulendo wathu. Anafunsa amene anabwera, zimene tinadya, ndiponso ngati kunali ng'oma. Ndinawauza zonse. Ndinaimirira pakati pa mabenchi nkuwaonetsa mmene amalume ankapondera phazi. Anandiombera m'manja.

Pamishoni lamulo linali loletsa magule ndi mowa. Sabata isanathe amalume anachotsedwa ntchito ndipo tinauzidwa kutuluka m'nyumba. Mzungu woyang'anira mishoni anawauza kuti akakhale kunja chaka chimodzi, azikhala pa benchi yakumbuyo m'tchalitchi, ndipo akadzaonetsa kulapa adzawaganiziranso. Ntchito yophunzitsa mpira anaipereka kwa aphunzitsi aja. Aphunzitsiwo anabwera okha kudzatenga wezulo ndi kabuku, ife tikumanga mphasa ndi miphika. Potuluka anandigwira pamutu nati, "Zikomo, mwana wanga. Unanena zoona."

Umu ndi mmene amayi anadziwira. Anatola chikuni, koma amalume anawagwira mkono.

"Musiyeni, achemwali. Anamufunsa ndi munthu wamkulu."

Ndikanakonda akanandimenya. Mawu aja a aphunzitsi anandikhala pamutu ngati dzanja lawo silinachoke.

Tinafika pa esiteti nyengo yozizira ikuyamba. Anatipatsa chipinda chimodzi chaudzu pamzere wa zipinda zambiri, chitseko chake chamapesi. Chiperoni chinkagwa masiku atatu osakata, nkhungu ikukwawa m'mizere ya tiyi, zovala osauma, mphasa ikununkha nkhungu. Inali nthawi yodulira tiyi. Amalume, amene manja awo anazolowera choko, anapatsidwa mpeni wokhota, ndipo tsiku lachiwiri matuza anaphulika m'zikhato zonse. Ankawamanga ndi nsanza nkubwereranso belu likalira. Amayi ankapalira. Ine sukulu inathera pomwepo, ntchito yanga inakhala kutunga madzi ndi kutola nkhuni. Lamlungu lililonse tinkayenda ulendo wautali kupita kutchalitchi kukakhala kumbuyo, tikuona aphunzitsi ali kutsogolo m'jekete lawo akumasulira za chikondi cha pa abale. Ndinkapemphera nawo onse, koma pemphero langa linali lakuti munthu ameneyo agwe pomwepo asadzukenso. Cholembera chija ndinachiphwanya ndi mwala mpaka chinasanduka ufa.

Masabata angapo amalume ankangodya, nkukhala pakhomo akuyang'ana kumene kunali mishoni. Ndiye tsiku lina Lamlungu masana anakhoma dengu lija, nakhomanso lina pa mtengo woyang'anana nawo, nayamba kulambula pakati. Anthu ankati aphunzitsi a kumishoni apenga. Anasankha amuna asanu ndi awiri mwa anzawo odulira tiyi, ena a iwo osadziwa ngakhale kulemba dzina. Sanasankhe aatali okha. Ankayang'ana manja. Munthu amene wathyola tiyi zaka zambiri amatola ndi manja onse awiri nkuponyera kumbuyo osacheuka, ndipo amalume anati manja otere koleji ilibe.

Mpira weniweni analibe. Anaumba wa nsanza nkuukulunga ndi luzi la nthochi, ndipo ukagwa pansi sunkadumpha. Choncho anthu aja sanaphunzire kudunda mpira, anaphunzira kupatsirana kokha, mofulumira, mpira osakhudza dothi. Amalume amene ndinkawadziwa pamishoni anali oleza mtima. Awa anali ena. Ankathamangitsa anthu otopa kale ndi ntchito mpaka wina anasanza pa mizu ya bulugamu. Wina akagwira mpira nthawi yaitali ankamukalipira kuti, "Si mwana wako ameneyo, upereke." Wina akagwetsa, onse ankayambiranso. Chodabwitsa nchakuti palibe anasiya. Ndikaganiza lero ndimaona kuti aliyense wa iwo anali ndi wake amene ankafuna kumugonjetsa, kaya kapitawo, kaya mzungu, kaya anyamata a nsapato amene ankawatcha Anguru pamsewu.

Amayi anawadandaulira kuti zimenezi zidzamveka kumishoni ndipo zidzaononga mwayi wobwerera. Amalume anayankha akumasula nsanza m'manja kuti palibe lamulo loletsa mpira. Kenako ananena mawu amene ndinawasunga ngati anandiuza ine.

"Ndikufuna ndikawagonjetse pa bwalo limene ndinasalaza ndekha, iyeyo akuona."

Bwana wa esiteti anatipeza tsiku lina akudutsa pa kavalo. Anaima nthawi yaitali, nafunsa kapitawo kuti ameneyu ndani. Mawa lake anatumiza mpira wachikopa wa miyendo. Amalume sanachedwe, anapempha kapitawo kuti akanene kwa bwana kuti anthu akewa angathe kugonjetsa koleji. Sindikhulupirira kuti bwanayo ankatifunira zabwino. Azungu a tiyi ndi azungu a mishoni sankakondana, ndipo iye anangopeza choseketsa. Koma kalata inapita, yankho linabwera, ndipo tsiku linaikidwa, Loweruka masana, pabwalo la pakoleji.

Ine ndinaona kuti kugonja pa mpira nkochepa. Munthu wogonja amapita kwawo nkukadya. Ndinkafuna kuti aphunzitsi aja amve m'thupi.

M'khwawa limene ndinkatolako nkhuni munali chitedze chambiri, nyemba zake zitauma, ubweya wake ukunyezimira padzuwa. Mwana aliyense wa kwathu amadziwa kuchilambalala. Ine ndinachitsata dala. Ndinathyola nyemba ndi timitengo tiwiri, ndinapala ubweya pa tsamba la nthochi, ndinauthira m'kansungwi nkutseka ndi chitsononkho. Ndinachita masiku atatu, ndikuyang'ana kumene mphepo ikuchokera. Ngakhale ndinasamala, wina unandilowa pakati pa zala. Zinayabwa ngati ndagwira makala. Ndinapaka dothi, ndinapaka phulusa, ndinaluma milomo, koma sindinauze munthu. Kuyabwa kuja kunandisangalatsa, chifukwa ndinadziwa chimene ndasunga.

Loweruka lija nkhungu inayera m'mamawa ndipo dzuwa linatentha. Malayini onse anapita, amayi ndi ana kumsana, amuna ndi zipewa zawo zamlaza. Anyamata a pakoleji anatuluka atavala malaya oyera ofanana, ena ndi nsapato zansalu. Athu anali opanda nsapato, makabudula achigamba, zikhato zong'ambika. Ophunzira anaseka. Anyamata osewera aja sanaseke. Ataona amalume anaweramitsa mitu, ndipo mmodzi, wamtali kuposa onse, amene ankabwera kwathu kudzabwereka mabuku, anayamba kuyenda kuti akawapatse moni. Aphunzitsi anamubweza ndi mawu amodzi.

Wezulo anaimba mzungu wa pamishoni. Aphunzitsi anayamba kuthamanga m'mbali mwa bwalo akukuwa, ndipo posakhalitsa anatuluka thukuta. Anavula jekete nalikoleka pa nthambi ya mango kuseri kwa anthu. Pamishoni ndinakulirapo, mango amenewo ndinkakwera. Ndinalowa pansi pa nthambi, ndinatsegula kansungwi, ndinathira m'kolala, m'khwapa ndi kumsana konse, nkupukuta ndi tsamba kuti ulowe m'nsalu. Jekete lija linkanunkha sopo ndi choko, fungo la kalasi imene anandichotsamo.

Poyamba athu anavutika. Mpira wa pakoleji unali waukulu, mkombero unali wothina kusiyana ndi dengu, ndipo koleji inagoletsa kangapo ife tisanaponyemo. Amalume sanakuwe. Anaima manja atapinda, nsagwada zitalimba. Pakupuma anawasonkhanitsa nawauza mawu ochepa m'Chilomwe, chinenero chimene pamishoni sankachilankhula poyera. Atabwerera zinthu zinasintha. Mpira unayamba kuyenda m'manja mwa athu osakhudza pansi, uku ndi uku, wina kuponyera kumbuyo osayang'ana, mnzake ali kale pomwepo. Anyamata a pakoleji ankathamangira kumene mpira wachoka. Aliyense wa iwo akaugwira ankadunda yekha mpaka kulandidwa, aphunzitsi akumukalipira pamaso pa anthu. Wamtali uja anaponya kambiri, koma mpira unkangomenya chitsulo nkubwerera. Zigoli sindinaziwerenge. Ndimakumbukira nthungululu za amayi a kumalayini, ndi fumbi lofiira likulowa m'kamwa, ndi bwana wa esiteti akumenya bondo lake ndi chipewa.

Wezulo wotsiriza atalira amalume anayenda kudutsa bwalo lonse, naima pamaso pa aphunzitsi. Sanapereke dzanja. Anangowayang'ana mpaka aphunzitsiwo anagwetsa maso. Pamenepo ntchito ya amalume inali itatha. Ndikanakhala ndi nzeru ndikanathamanga kukagwetsa jekete lija m'ngalande.

Mzungu wa pamishoni anafuna kulankhula, ndipo womasulira anayenera kuvala bwino. Aphunzitsi anatenga jekete, nalivala pa thupi la thukuta, namanga mabatani onse atatu. Mzungu ananena chiganizo choyamba, iwo anamasulira. Pa chachiwiri anagwedeza phewa. Pa chachitatu dzanja linapita m'khosi. Anayesa kulimba, ndipo ndiyenera kuvomereza kuti analimba nthawi yaitali kuposa mmene ine ndikanathera. Mawu anayamba kutuluka modukaduka, nkhope ikuchita kunyezimira. Kenako anadumpha, mabatani anathothoka, anavula jekete, anavula malaya, nayamba kudzikhula pa mtengo wa mkombero ngati mbuzi ya mphere. Anagwa pansi nkumagubuduka m'fumbi akudzithira dothi. Mayi wina wa kumalayini anakuwa kuti aphunzitsi akuvina tchopa, ndipo bwalo lonse linafa ndi kuseka, ophunzira awo omwe.

Ana anga andifunsapo ngati sindimva chisoni ndikakumbukira. Ayi. Ndapemphera pa zinthu zambiri zimene ndinalakwa, koma pa munthu amene anagula lilime la mwana ndi cholembera kuti alande ntchito ya mnzake, mtima wanga sunafewepo. Akanadzuka lero ndikanapitanso kukhwawa. Chisoni changa chili pena.

Ubweya anaupeza m'kolala tsiku lomwelo. Pobwerera anthu ankaimba njira yonse. Titafika amalume anandiitana, nanditenga dzanja, nayang'ana zala zanga zotupa ndi zilonda zodzikanda. Sanandifunse. Anauza amayi kuti andipake mafuta a nsatsi.

Lolemba anaitanidwa kumishoni. Zimene zinanenedwa kumeneko ndinazimva akuuza amayi atabwerako. Mzungu anati mpira wa Loweruka unamuonetsa kuti koleji inataya munthu, ndipo anali wokonzeka kufupikitsa chaka chija. Koma chipongwe chimene chinachitikira womasulira wake chinachokera kumalayini, ndipo amalume anayenera kutchula amene anachita kuti akakwapulidwe kwa kapitawo ndi kuthamangitsidwa pa esiteti pamodzi ndi a kwawo. Akapanda kutchula, ndiye kuti anatuma ndi iwo, ndipo khomo la koleji latsekeka mpaka kalekale.

Amayi anafunsa kuti nanga achimwene munayankha chiyani.

"Ndinati lembani kuti ndine."

Amayi analira. Ine ndinali pakhomo ndi mtsuko pamutu, ndipo ndinganene mosabisa kuti ndinkaonabe kuti tapambana.

Amalume sanapondenso pa bwalo lija. Anadulira ndi kuthyola tiyi zaka zina zitatu, kenako anapeza malo pa kasukulu kakang'ono cha ku Thekerani, kumene anaphunzitsa masamu ndi mpira mpaka mawondo anakana. Anamwalira ali mphunzitsi wa kumudzi, wopanda nyumba ya njerwa. Aphunzitsi aja anakhalabe pamishoni, koma dzina lawo lenileni linaiwalika, ana ndi akulu ankangoti a Chitedze mpaka kumanda. Mpira wa pakoleji unafa m'manja mwawo pasanathe zaka zambiri, ndipo pabwalo lija anadzalapo chinangwa.

Chaka chomwecho cha mpira uja chisanathe, kutentha kutangoyamba ndipo tiyi wodulidwa akuphuka timasamba tofiirira, tinalandira mlendo. Linali Lamlungu masana. Ndinamuona akubwera m'njira ya pakati pa tiyi ndipo ndinamuzindikira ndi msinkhu. Anali mnyamata wamtali wa pakoleji uja, atabisa mpira m'thumba la chiguduli. Anathawa pamishoni popanda chilolezo, ndipo akanagwidwa akanachotsedwa sukulu. Anagwada pakhomo nati sakudziwa chimene chalowa m'dzanja lake, kuyambira pamene amalume anachoka mpira sukumumveranso.

Ndinayembekeza kuti amalume amuthamangitsa. M'malo mwake anadzuka msanga mpaka anagubuduza mpando, namutengera kuseri. Anamuuza kuti aponye. Mnyamata anaponya kamodzi kokha, amalume nkumugwira chigongono, nkuchikankhira m'kati, nkumusuntha phazi ndi phazi lawo. Anaponyanso, anamukonzanso. Anachita zimenezi mpaka mithunzi ya bulugamu inafika kumalayini.

Amayi anandituma kuti ndikapereke madzi kwa mlendo. Ndinakana. Ndinati ameneyo ndi wa aphunzitsi, ndi mdani, anavala malaya oyera tsiku lija. Amayi anandiyang'ana nthawi yaitali, natenga chikho okha.

Ndinakhala pa chitsa patali, nditakwiya ndi onse. Mpira unalowa, unalowanso, unalowa kachitatu, ndipo ndinamva amalume akuseka, kuseka kwa m'mimba kumene ndinali ndisanakumve chichokereni pamishoni. Tsiku limene tinagonjetsa koleji sanaseke. Aphunzitsi akugubuduka m'fumbi sanaseke. Anadzaseka tsiku limenelo, akuthandiza mnyamata wa mbali ina kuti akapambanitse munthu amene anatitulutsa m'nyumba. Ndinawayang'ana ndikukanda zipsera za m'zala zanga, ndipo sindinathe kumvetsa kuti chowasangalatsa chinali chiyani.